Mtayo wa Mkati mwa Waya

Chipata
5 Sepitembala 1994

Amayi aang'ono a Mainess,

Akufuna kukumba kudamu kumene munakaika mtayo wanga. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti ngakhale maso akuvuteni musanamalize kalatayi, mukhale mutamva.

Tsopano moni. Muli bwanji ku Chiparamba, inu ndi atate aang'ono a Gabrieli? Mwendo wanu uja unaphwa? Kuno Pemphero ali bwino, pakamwa sipatseka. Atate ake akumapeza maganyu omanga apa ndi apo. Ine ndiye mtima suli m'malo.

Mukukumbukira nyumba yomaliza ija ya njerwa zootcha, imene timadutsa pambali pake potsikira kudamu? Yagulidwa ndi munthu wina, dzina lake Bizwell Sakala, mmodzi wa aja anawachotsa ntchito kumigodi ku Kitwe. Katundu asanamasule n'komwe anakagula waya waminga. Watseka njira yathu. Watsekanso bwalo lonse la udzu lija pamene ana amasewera mpira ife tikuyanika zovala, mpaka waya wake walowa m'madzi uku ndi uku. Amayi, malo amenewo ndi a khonsolo, ngakhale mwana akudziwa. Chikwangwani chonena zimenezo chinalipo, iye wazula watsekera khola la nkhuku. Akuti nyumba ikayang'ana kumadzi ndiye kuti mpaka kumadziko ndi khonde lake.

Chaka chino mipopi yauma, komboni yonse ikumwa damu. Tikuzungulira kumiyala kuja ndi ndowa pamutu. Sabata yatha ndinatopa, ndinakwawa pansi pa waya ndi Pemphero, n'kutunga. Pobwerera ndinapeza mkazi wa Sakala, amake Betty, ataima panjira manja ali m'chiuno.

Anati, "Mwagogoda kwa yani?"

Ine ndinati, "Damu lili ndi chitseko?"

Anandilanda ndowa n'kukhuthulira madzi onse pa kabichi wake. Kenaka anaitana galu. Galuyo sanalume, koma mwana wanga anadzikodzera ndi mantha, mpaka lero akamva kuuwa amandilowa m'chitenje. Ndinamuyang'ana mayi ameneyo kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ndipo ndinalumbira kuti adzalira ine ndikuona. Sindinabweze lumbiro limenelo ndipo sindibweza.

Koma chondilembetsa si ndowa ayi. Sakala akufuna kumanga bala m'mphepete mwa madzi. Mchenga wafika, njerwa zafika. Anabwera kudzapempha atate ake Pemphero kuti akamumangire, iwo anamuuza kuti akapemphe galu wake. Omanga ndi ambiri mu Chipata, apeza wina. Adzakumba maziko, adzakumba zimbudzi za zidakwa zake.

Inu munandiuza chaka chatha kuti mwana wobadwa wakufa salira maliro, saikidwa ndi amuna, ndipo mayi wake saonetsedwa malo kuopa angamakalireko. Ndinamvera. Ndinangoona pawindo mukutuluka ndi kansalu kaja kulowera kudamu, inu ndi agogo a Nyirenda ndi amake Tryness. Agogowo anamwalira. Amake Tryness anabwerera kwawo ku Mchinji. Mwatsala inu nokha wodziwa malowo. Munandiuzanso kuti dzenje lake limakhala losazama, pamalo ozizira, kuti msana wa mayi usatsekeke, ndipo likasokonezedwa mayiyo saonanso mwana wamoyo.

Amayi, ndili ndi pakati, mwezi wachisanu. Wayamba kugunda.

Atate ake Pemphero sindingawauze za kudamu, mukudziwa. Akuganiza kuti ndikuonda ndi ukali wa ndowa. Ndikanabwera ndekha koma kukiliniki andiletsa kukwera malole chifukwa cha zimene zinachitika zija. Achimwene a Boaz ku Lusaka ndawalemberanso, koma iwonso ndi mwamuna, ndangoti ndili ndi changa mkati mwa waya chimene sindingachitchule.

Bwerani, kapena ndiuzeni mbali yake kuti ndidziwe ngati khasu la Sakala layandikira.

Ndine mwana wanu,
Jesca

*

Chiparamba
18 Sepitembala 1994

Mwana wanga Jesca,

Moni m'dzina la Ambuye. Kalata yako yandipeza dzulo. Inagona m'bokosi la kusukulu, aphunzitsi aakulu anali atapita kumsonkhano ndi kiyi m'thumba. Ndasangalala ndi nkhani ya pakati. Usanyamule ndowa yaikulu, amuna ako ali ndi njinga, aimangirire zigubu.

Kuno mwendo wanga uli bwinoko. Amene agwa ndi atate ako aang'ono, chifuwa chija chabwerera, ndipo wowatembenuza pamphasa ndi ine ndekha. Akadwala sadya cha munthu wina, akuti ena amathira mchere ngati akufutsa nsomba. Ndiye kubwera msanga sindingathe.

Koma khazika mtima pansi. Ukuganiza kuti ife atatu tinali ana? Tinadziwa kuti m'tauni malo opanda kanthu sakhalitsa, lero mpira, mawa dimba, mkuja nyumba. Nchifukwa chake sitinamuike pabwalo kapena pafupi ndi bango pamene aliyense amakumba. Tinamuika pamitengo ya katope ija, pakati pa mizu. Tinapalasa ndi manja ndi kachikuni mpaka zikhadabo zinathyoka. Womanga aliyense amathawa mizu, wokumba chimbudzi amathawanso. Mitengo ija ikadali chiimire, mwana ali m'nyumba yabwino kuposa ya Sakala wakoyo. Mtengo wake weniweni sindilemba. Makalata amadutsa m'manja mwa amuna, ndipo apa ndanena kale zambiri.

Tsono umve ziwiri izi. Choyamba, pamenepo pasayake moto. Kuponda aponde, moto ayi. Pakapsa pamene pagona mtayo, mimba ya mayi imauma ngati chikwatu. Chachiwiri, usayerekeze kutchula malowo kwa mwamuna, ngakhale amuna ako, makamaka mmene ulilimu. Mayi akatchula malo a mtayo kwa mwamuna ndiye kuti wamuitana, ndipo iye akabwera sabwerera yekha, amatenga mnzake wa m'mimba. Ndine wa Chigwirizano, bulauzi yoyera ndimavala Lachisanu lililonse, koma izi ndinaziona ndi maso anga kwa mkazi wina wa kwa Mnukwa. Abusa sadziwa zonse.

Za mkazi wothira madzi ako pa kabichi, usamukhululukire msanga, nanenso ndakwiya. Munthu woopseza mwana ndi galu! Koma musiye. Aike mabenchi ake pansi pa katope ngati akufuna, azipondapo iye ndi mwamuna wake tsiku ndi tsiku. Woponda pa mtayo mapazi amatupa. Pofika Khirisimasi udzamuona akuyenda ngati bakha, iwe osagwirako dzanja.

Kalatayi sindiponya kupositi, yachedwa kale. Ndapatsira a Bonifasi a lole yonyamula thonje, akuti mawa akulowa m'tauni. Ukapeza wobwera kuno unditumizire sopo wochapira, wodwala amadetsa zofunda.

Mayi wako,
Mainess Banda

*

Matero, Lusaka
26 Sepitembala 1994

Alamu a Goodson,

Moni alamu. Ine kuno ndili bwino, kungoti zinthu zakwera mtengo moti ofesi tikungopitira kuti asatilembe kuti tajomba. Musayembekeze kanthu m'envulopumu, muli mawu okhaokha.

Ndalandira kalata ya mlongo wanga Jesca ndipo sindinadye tsiku limenelo. Akuti wina wa kumigodi wamutsekera njira, mkazi wake wamutayira madzi, mwana wathu wathamangitsidwa ndi galu. Inu munali kuti alamu? Pamene munkamutenga kwathu munavala jekete yobwereka n'kulonjeza kuti simudzalola ngakhale ntchentche kumutera. Lero galu?

Walembanso kuti ali ndi chake mkati mwa waya chimene sangachitchule. Ine mlongo wanga ndimamudziwa. Ndi kadimba. Analima timasamba pamalo a khonsolo ndiye akuchita manyazi kunena, poti ndimagwira ntchito m'boma. Muuzeni asaope. Theka la Lusaka likudya repu wa m'mphepete mwa msewu. Kusiyana kwake n'kwakuti ife osauka timabwereka malo a boma ndi khasu, mvula ikatha timabweza. Uyo wabwera ndi waya.

Tsono mverani. Lembani dandaulo kukhonsolo, anthu a m'komboni asaine ambiri, zimenezo zimathandiza kuti mawa apolisi akabwera mukhale ndi poyambira. Koma musakhulupirire kuti pepala limupweteka. Anthu a kumigodi ndimakwera nawo basi, samva pepala, amamva ululu. Waya mudule masana dzuwa likuswa mtengo, muli gulu, kuti asapeze woloza chala. Akamanganso, musamumenye, mungakalowe m'ndende chifukwa cha chitsiru. Mufufuze chimene amachinyadira pamalopo, chimene chinamukokera kuti agule nyumbayo, ndipo chimenecho mumulande moti asadzachionenso. Asamuke yekha.

Mukachita mundilembere, ndikufuna ndidzaseke. Mukalephera nenaninso, ndidzapempha livi ndibwere ndi siketi yoti muvale.

Moni kwa Jesca ndi kamwana.

Mlamu wanu,
Boaz

*

Chipata
9 Okutobala 1994

Amayi aang'ono,

Moni. Mwandikwiyira chiyani? Mwezi wathunthu osandiyankha. Tsiku lililonse ndimatuma maso kumsewu. Ngati ndi mwendo nenani, ngati kalata yanga sinafike nenaninso. Ine ndilipo, mimba ikukula bwino, anesi akuti mwana wagona bwino.

Koma lero ndikulemba ndikuseka. Amake Betty alira, Amayi, ndipo ndinaona ndi maso angawa.

Achimwene a Boaz analembera atate ake Pemphero kalata yoyabwa ngati chitedze. Atawerenga anazungulira komboni yonse. Lamulungu lapitalo titatuluka m'tchalitchi amuna anapita ndi mapulayala, ife akazi pambuyo ndi ndowa, tikuimba nyimbo ya pachinamwali ija yonyoza mkamwini waulesi, koma tinaikamo dzina la Sakala. Waya anaudula zidutswazidutswa. Ine ndinathamangira kwa a Mbewe oweta mbuzi aja, ndinatsegula khola ndekha, n'kuzikusira pa kabichi. Kabichi yemwe uja anamwa madzi anga. Mbuzi zinadya mpaka zitsa.

Amake Betty anatuluka opanda duku akukuwa, "Mbewu zanga! Anthu inu mulibe chisoni?"

Ine ndinaima patsogolo pawo ndinati, "Mwagogoda kwa yani? Mbuzi zili pakhonde pawo."

Anakhala pansi padothi n'kuyamba kulira. Ndinamva kukoma mpaka m'mano. Mulungu andikhululukire tsiku lina, lero ayi.

Nkhani ina yabwino. Dandaulo lathu linamveka. Anabwera bambo wina wa kukhonsolo, anayenda malo onse, ndipo anamuuza Sakala pamaso pathu kuti kumeneko saloledwa kuika njerwa ngakhale imodzi kapena kukumba dzenje. Nditamva mawu akuti dzenje ndinakhala pa ndowa n'kuthokoza Mulungu. Mwana wanga wapulumuka ku khasu la Sakala.

Koma munthu uja ndi mfiti ya masana. Bamboyo atangokwera njinga yake, iye analumikizanso waya. Wagula mabenchi ndi mbiya yoziziritsira mowa, waika pansi pa mitengo ya katope ija. Akuti, "Andiletsa kumanga. Mthunzi samanga." Loweruka kunadzaza magalimoto a mabwana a m'tauni, wailesi ikulira, ife tikuzunguliranso kumiyala ndi ndowa. Wina anandiimbira likhweru ndi mimba yangayi.

Madzulo ake atate ake Pemphero anakhala pakhomo, kalata ya achimwene ili m'manja. Anati, "Alamu akuti timulande chimene amachinyadira. Nanga damu tingalinyamule?"

Ine ndinati, "Anthu aja sakubwerera damu. Dzuwa la Okutobala lino ndani angakhale pamtetete? Akubwerera mthunzi."

Anandiyang'ana, kenaka anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Amake Pemphero, sukulu munalekera giredi sikisi koma mutu wanu ndi wa loya."

Ndiye zapanganika. Katope yense agwetsedwa. Ndipo mitengoyo sapita nayo kutali, aotcha makala pompo, uvuni wake aumba pazitsa pomwepo, kuti utsi uzilowa m'nyumba mwa Sakala usana ndi usiku mpaka makala apse. Makalawo tidzagawana komboni yonse. Akungodikira macheka aakulu a mnzawo wina amene ali ku Katete.

Musade nkhawa za mwana, ndaganiza bwino. Inu munati mtayo amakumbira ndi manja pofewa. Pakatope paja mizu ili ngati zingwe, nkhalamba zitatu sizikanatha kupalasapo. Ndiye ndikudziwa kuti munamuika kumunsi kubango, ndipo kumeneko ndawauza amuna kuti asapiteko, ndanama kuti kuli njoka.

Ndiyankheni chonde. Mudzabwere mudzaone mabenchi a Sakala ali padzuwa.

Jesca

*

Chipata
20 Okutobala 1994

Alamu a Boaz,

Siketi yanu sungani. Waya tinadula, khonsolo inamuletsa kumanga, ndipo tsopano tikumumeta mthunzi. Mitengo inali isanu, itatu yagona pansi. Iwiri yotsalayo tigwetsa Loweruka m'mawa, tsiku lomwelo tiumba uvuni ndi kuyatsa. Sakala anapita kupolisi, apolisiwo anamufunsa kuti mitengoyo ndi yake? Anabwerako chimanjamanja. Mwina nafenso atilipiritsa, tidzaona konko.

Koma mlongo wanu wandidabwitsa. Nzeru yodula mitengo anapereka ndi iye. Dzulo kwabwera a Bonifasi a lole ndi kalata yochokera ku Chiparamba, akuti inakhalira m'galimoto mwezi wonse, lole inawafera ku Lundazi. Mlongo wanuyo atawerenga anaiponya pamoto. Tsopano akuti tisadulenso, tisayatse moto. Ndikafunsa chifukwa, akungolira. Dimba lomwe munanena lija ndafufuza, kulibe.

Alamu, ndikufunseni ngati mwamuna mnzanga. Mkazi akayamba kumvera chisoni mdani wa mwamuna wake, osafuna kunena chifukwa, inu mumati n'chiyani? Anzanga ayamba kundiyang'ana cham'mbali. Ine sindibwerera m'mbuyo. Ndikasiya pano ndiye kuti ndavomera zimene akunong'onazo.

Goodson

*

Kudamu, Chipata
21 Okutobala 1994

Amayi,

Mawa m'mawa ayatsa moto pakatope. Mitengo itatu adula kale. Amene ndinawatuma ndine.

Moni ndilibe, mundikhululukire. Ndikulembera pabondo, ndakhala pansi pa mtengo umodzi mwa iwiri yotsala, pepala ndang'amba m'buku la nyimbo. Kalata yanu a Bonifasi andipatsa dzana. Nditafika pamene munalemba kuti pakati pa mizu, m'maso munada. Ndinali nditabwera kumene kuchokera kuno, kumene ndinkawaphikira tiyi odula mitengo ndi kuwaimbira nthungululu mtengo uliwonse ukamagwa. Amayi, ndinavina. Mwina ndinavina pamutu pa mwana wanga.

Ndayesa zonse. Ndinawauza atate ake Pemphero kuti zakwana, Sakala walangika. Anati mabenchi akadali ndi mthunzi wa mitengo iwiri. Ndinati ndiye makalawo mukaotchere kumiyala. Anati nanga utsi ukalowa bwanji m'nyumba mwake, si iwe unaseka kwambiri za utsi? Ndinati ndalota maloto oipa. Anati wapakati aliyense amalota. Ndinagwada, Amayi, ndinawagwira miyendo.

Anandifunsa kuti, "Kalata ija inali ndi chiyani kuti uiotche?"

Ndinati, "Za akazi."

Anati, "Za akazi zimene zikuteteza bala la Sakala? Wakupatsa chiyani munthu ameneyu? Kapena ndifunse kuti mimbayi ndi ya yani?"

Chikhalire sanandiyankhulepo choncho. Mawu anafika pamano penipeni, ndikanangoti mwana wanu ali pamenepo, nkhwangwa ikanagwa yokha m'manja mwawo, ndimawadziwa. Koma wa m'mimbayu anagunda nthawi yomweyo, ndipo ndinakumbukira zimene munalemba, kuti akaitanidwa sabwerera yekha. Ndinatseka pakamwa ndi dzanja. Iwo anaona ngati ndavomera. Kuyambira pamenepo sakudya chakudya changa.

Ndiye lero kutacha ndasiya Pemphero kwa aneba, ndabwera kudzakhala pano. Ndati mtengo uno akaudula audule ndi ine. Koma ndine munthu mmodzi, mitengo ndi iwiri, zitsa ndi zitatu. Ndayendayenda ndikuyang'ana pansi ngati ndingaone potsika kapena pofewa. Paliponse ndi masamba, utuchi ndi mapazi a amuna. Nthambi aunjika kale pakati pa zitsa, ndipo ayamba kusenda zibuma zokwirira uvuni cha m'mbali. Paliponse pamene ndikuona kuti khasu linalowa, ndikugwada n'kupapasa.

Dzuwa litakwera anatulukira amake Betty. Ndinatola mwala. Anaima patali n'kumandiyang'ana, kuyang'ana mimba, kuyang'ana mmene ndikupapasira pansi ndi dzanja. Sananditukwane.

Anangoti, "Wanu ndi wa liti?"

Ndinati, "Chiyani?"

Anati, "Mayi, ine ndine mkazi. Munthu sapapasa dothi choncho pofuna ndalama yotayika."

Kenaka anati, "Wanga ali ku Kitwe. Anamuika kudambo, chaka chotsatira kampani inatentha tchire lonse n'kudutsitsapo msewu. Betty ndi woyamba, ndi womalizanso. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri."

Amayi, ndiye kuti zimene munanena ndi zoona, umboni wake unaima patsogolo panga.

Anafunsa kuti uli mtengo uti, ndinati sindidziwa. Anapita kukakhala pansi pa mtengo winawo, natambasula miyendo. Anati, "Inu khalani uwo, ine uno. Koma musaganize kuti ndaiwala kabichi wanga."

Ndinati, "Nanenso galu wanu sindinamuiwale."

Anati, "Chabwino."

Mpaka pano ali pomwepo, akusenda nyemba m'lichero, sitikuyankhulana. Ndikanakonda akanakhala munthu wina aliyense. Ndimadana naye mayi ameneyu, ndipo mawa ndidzadana nayebe, koma mtengo uwo akuulondera ndi iye.

Masana atate ake Pemphero anabwera ndi anzawo awiri kudzaona nkhuni. Atationa takhala chonchi, ine uku mkazi wa Sakala uko, mmodzi anaseka n'kunena kuti, "A Goodson, mitala yayamba kale kugwirizana." Nkhope ya amuna anga inachita ngati yapsa. Sanandikalipire. Anangonena motsitsa kuti, "Mawa tikunyamula ngati thumba, tikakuika kunyumba, ndipo moto ndidzayatsa ndi dzanja langa. Ukatero uzipita kwanu."

Za kupita kwathu sindikuziopa tsopano. Ndikuopa moto. Ngakhale atisiye pamitengo iwiriyi, uvuni uli pazitsa, ndipo ngati munamuika pa umodzi mwa itatu yagwayo ndiye kuti ine ndikulondera dothi lopanda kanthu, mwana akupsa ndikuona. Ndipo akamaliza kudula yonse, ngakhale inu simudzapazindikiranso, malo asintha kale moti ine ndimasokera.

Amake Betty akuti iwo angathe kuwauza amunawo, poti si mayi wake wa mwanayo. Ndawaletsa. Sindikudziwa ngati mwambo umalola, ndipo ndani angamve mkazi wa Sakala? Adzati ndi bodza lopulumutsira mabenchi. Koma inu adzakumverani. Inu ndi apongozi awo, sanayambe akuyankhanipo mwano, akakuonani amavula chipewa. Simufunika kutchula kanthu. Mudzangoti pano moto ayi, iwo adzazimitsa.

A Bonifasi ali ndi manyazi chifukwa chosunga kalata yanu. Ndawapeza kudepoti ya thonje kudzera mwa aneba, avomera kubweretsa ino m'manja mwanu madzulo ano ndi kukutengani kutsogolo kwa lole mbandakucha, kuti mwendo usavutike. Atate aang'ono muwasiyire amayi a Chigwirizano tsiku limodzi lokha, akakana kudya adzadya mawa. Sopo wanu ndapereka kwa a Bonifasi omwewo.

Ndikudziwa kuti mudzandikalipira, kuti munandiuza ndimusiye Sakala atupe mapazi yekha. Mudzandikalipire muli pano. Amuna apangana kukumana tambala akangotsika, machesi ali kale m'thumba la malaya a amuna anga, ndawaona. Musadikire kuphika, musafune chitenje chabwino. Mukatsika lole musapite kunyumba, bwerani molunjika kudamu, waya ndi wodula cha kumiyala. Musadzandiuze malo, sindidzafunsa. Mudzangoima pamenepo ndi ndodo yanu, ine ndidzaona pamene mwaima.

Bwerani, Amayi. Wagundanso.

Jesca